Zikomo nonse, nkhani ya mnyamata wovulala pachigayo ija yatha

Abale anga, ndabweranso kudzathokoza. Mwezi wathawu ndinafunsa za mnyamata wanga wa pachigayo amene lamba anamudula zala ziwiri, ngati ndingomupatsa kangachepe kuti tithane pakhomo pomwepo.

Ambiri munandiletsa, ndipo ndinamvera. Ndinakanena za ngoziyo ku ofesi ya zantchito ya m'boma lathu, potsatira lamulo la 2000 la chipukutamisozi cha ogwira ntchito. Anatipatsa fomu, dokotala anamuyeza n'kulemba maperesenti a kulumala kwake, kenaka a leba anawerengera ndalamazo potengera malipiro ake. Apa ndiye ndinatuluka thukuta, chifukwa ndinalibe buku la malipiro, ndinkangomupatsa pamanja. Tinachita kukumbutsana mwezi ndi mwezi. Inu muzilemba ndithu, wantchito azisainira.

Wolakwa kwambiri ndinali ine. Chitsulo chotchinga lamba tinachichotsa pokonza injini, n'kukhala pakona miyezi itatu chitakwiririka ndi matumba a gaga. Tachibwezera, ndipo pano palibe wokhudza lamba injini ikulira.

Inshuwalansi ndinkaiona ngati kutaya ndalama, koma antchito onse atatu ndawalembetsa. Mnyamatayo wabwerera, akuyeza chimanga ndi kulandira ndalama za makasitomala.