Sikirini yatsopano ya Switch Lite ikukoka mthunzi: vuto lili pati?

Mmisiri wa mafoni, Ulongwe

Amisiri anzanga, ndikupempha nzeru pa nkhani ya Nintendo Switch Lite, makina a m'manja osewerera magemu, imene kasitomala anabwera nayo itasweka sikirini. Ndinaitanitsa ina kwa munthu amene amandigulitsa zipangizo za mafoni, ndinaiika, ndipo makinawo anayaka bwinobwino, mitundu ikuoneka, galasi likumva chala paliponse. Tsopano mwiniwake wabweranso akudandaula kuti chithunzi chikamathamanga chikukoka mthunzi kumbuyo kwake, makamaka pa gemu ya mpikisano wa magalimoto ya Mario Kart 8 Deluxe galimoto ikamakhota, ndipo zikwangwani za m'mbali mwa msewu zikuoneka chimbuuzi mpaka galimotoyo itaima. Akuti sikirini yakale sinkachita zimenezi. Ndatsegulanso makinawo, fleksi (kalamba ka mawaya kolumikiza sikirini ndi makina) yakhala bwino m'malo mwake ndipo kachotsekera kake kagwira. Ndisanabweze ndalama ya munthu, ndikufuna kudziwa ngati vuto lili pa kaikidwe, pa sikiriniyo, kapena ngati ndi mmene makina amenewa alili.

Wokonza makompyuta, mzinda wa Tete

Achimwene, fleksi muichotse m'maganizo, chifukwa ikakhala kuti sinalowe bwino imabweretsa mizere, kuphethira kapena mdima wa mbali imodzi, osati mthunzi wotsatira chinthu choyenda. Funso langa ndi lakuti, kodi chithunzicho chikukoka mthunzi kapena chikudukiza? Makasitomala amasokoneza ziwirizi. Kuno kumunsi, m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala pamene kutentha kumapitirira madigiri 40, makina amene fani yake yadzaza fumbi amayamba kudzichepetsera liwiro kuti asapse, ndipo gemu imayenda mojejema. Mwini makina amangonena kuti sikirini yawonongeka, chonsecho chofunika ndi kupukuta fani ndi kusintha mafuta oziziritsa purosesa.

Mmisiri wa mafoni, Ulongwe

Zikomo akulu. Sichikudukiza ayi, chikuyenda mosalala, ndipo fani ndinaiyeretsa pamene ndinatsegula. Komanso kuno ku Angonia tili m'nyengo yachisanu ya Juni, moti makinawo sakutentha n'komwe. Chimene ndikuona ndi maso anga n'chakuti chinthu chakuda chikadutsa pamalo owala, pamatsala kachithunzithunzi kake kwa kanthawi.

Wokonza mawailesi akanema, Moatize

Bambo a ku Ulongwe, mwatchula chisanu mongodutsa, koma chili ndi mbali pa nkhaniyi, ndipo ndibwereranso pamenepo.

Switch Lite, imene inatuluka mu 2019, ili ndi sikirini ya LCD ya mainchi 5.5 imene imasintha chithunzi ka 60 pa sekondi imodzi, kutanthauza kuti chithunzi chilichonse chimakhala pafupifupi mamilisekondi 16.7 chisanalowedwe m'malo ndi chinzake. Mkati mwa LCD muli timadzi tapadera timene timatembenuka kuti titseke kapena kutsegula kuwala kochokera kumbuyo, ndipo kutembenukako kumatenga nthawi. Ngati kadontho kamodzi ka sikirini kakutenga nthawi yoposa mamilisekondi 16.7 aja kuti kasinthe mtundu, chithunzi chatsopano chimafika chakale chisanafufutike, ndipo mthunzi umene mukuonawo ndi chithunzi chakalecho. Zili ngati kulemba pa bolodi limene simunalifufute bwino. Masikirini otsika mtengo amachedwa kwambiri pa mitundu yakuda ndi yotuwa, ndipo kukazizira timadzi tija timakhuthara, n'kumachedwa koposa. Choncho sikirini imene ingaoneke yabwinoko masana kuno ku Moatize ikhoza kukoka mthunzi wautali m'mawa wa Juni ku Ulongwe kapena ku Tsangano.

Musakhulupirire maso okha, yesani motere. Switch Lite siilumikizika ku wailesi yakanema monga Switch yaikulu, ndiye njira yoonera pa sikirini ina palibe. Koma ili ndi batani lojambulira chithunzi kumanzere m'munsi. Lidinikizeni galimoto ili mkati mokhota, kenako mutsegule chithunzicho. Chithunzi chimenechi chimatengedwa mkati mwa makina chisanafike pa sikirini, moti chikatuluka ndi chimbuuzi, dziwani kuti opanga gemu anaikamo dala, pakuti alipo magemu ambiri amene amachita zimenezi kuti liwiro lioneke. Chikatuluka chooneka bwino, mlandu watsala pa sikirini. Mukatero mubwereke Switch Lite ina imene sinatsegulidwepo, muziike pamodzi m'chipinda chimodzi kwa kanthawi kuti zifanane kutentha, kuwala mukuike pa mlingo umodzi, ndipo mujambule zonse ziwiri ndi foni imene imajambula kanema woyenda pang'onopang'ono wa zithunzi 240 pa sekondi. Pa liwiro limeneli, chithunzi chimodzi cha gemu chimakwana zithunzi zinayi za foni. Muwerenge kuti mthunzi ukutha patapita zithunzi zingati pa makina alionse.

Wogulitsa ndi kukonza magemu, Zobwe

Mayi a ku Moatize afotokoza bwino, koma ine ndinganene kuti kasitomalayo angouzidwa zoona, kuti LCD ndi mmene ilili. Amene tinagwirapo PSP yoyamba ya 2004, makina a magemu a m'manja a kampani ya Sony, tikukumbukira mmene inkakokera mthunzi pa magemu a mdima, ndipo pamene Sony inatulutsa PSP-3000 mu 2008 ndi sikirini yofulumirako, anthu anayambanso kudandaula za timizere tooneka chithunzi chikamayenda. Ngakhale Switch 2 ya 2025, imene ili ndi LCD ya mainchi 7.9 yosintha chithunzi mpaka ka 120 pa sekondi, akatswiri oyeza masikirini anaidandaula kuti madontho ake amachedwa kusintha. Amene akufuna chithunzi chopanda mthunzi agule makina a sikirini ya mtundu wina yotchedwa OLED, monga Switch OLED ya 2021 kapena Steam Deck OLED ya 2023, nkhani ithe.

Wokonza mawailesi akanema, Moatize

Achimwene a ku Zobwe, za PSP sindikutsutsa, koma malangizo anuwo angaike mnzathu m'mavuto awiri. Loyamba, kasitomalayu sakuyerekeza Switch Lite ndi OLED, akuyerekeza sikirini imene anali nayo ndi imene waikiridwa, ndipo ngati yatsopanoyo ikuchedwa kuposa yakale, dandaulo lake n'lomveka. Lachiwiri, OLED siichotsa chimbuuzi chonse. N'zoona kuti madontho ake amadziwalira okha ndipo amasintha msanga kwambiri, moti mthunzi wotsalira sumakhalapo. Koma pali chimbuuzi china chimene chimabadwira m'diso la woonera: sikirini imagwira chithunzi chimodzi chili chiimire kwa mamilisekondi 16.7 aja pamene diso likupitiriza kutsatira chinthu choyenda, ndipo kusiyana kumeneku kumapaka chithunzicho m'diso. Zimenezi zimachitika pa LCD ndi pa OLED pomwe, ndipo zimakula gemu ikamayenda pa zithunzi 30 pa sekondi, monga Zelda: Breath of the Wild, chifukwa chithunzi chilichonse chimakhala mamilisekondi 33. Mukamugulitsa munthu OLED pomulonjeza kuti chimbuuzi chitheratu, adzabweranso pa benchi lanu.

Mmisiri wa mafoni, Ulongwe

Mayi, ndachita monga munanenera. Chithunzi chojambula ndi batani chatuluka chooneka bwino, zilembo za pa chikwangwani zikuwerengeka. Pa kanema wa foni, sikirini ya makina obwereka mthunzi wake ukuzilala msanga, pamene imene ndinaika ine mthunzi ukuonekabe chithunzi chotsatira cha gemu chitafika kale, ndipo pa matayala akuda ukutalika moonekeratu. Ndinayesa m'mawa makina onse atagona m'shopu yozizira, n'kubwerezanso masana kutafunda. Masana kusiyanako kunachepa koma sikunathe. Ndamuonetsa kasitomala kanemayo, ndipo tagwirizana kuti ndimuikire sikirini ina popanda kumulipiritsanso ntchito.

Wokonza makompyuta, mzinda wa Tete

Kanemayo mutumizenso kwa amene anakugulitsani, chifukwa mukangonena pakamwa adzakuyankhani kuti sikirini ikuyaka ndipo alibe mlandu. Poitanitsa ina mumufunse momveka ngati ndi yochotsedwa pa makina ena kapena ndi yopangidwa motsanzira, ndipo ikafika muilumikize kaye osamata, muijambule pa malo omwewo a gemu, musanachotse kapulasitiki koteteza, popeza ogulitsa ambiri salandira chipangizo chimene chamatidwa kale.