Mafilimu akale adzaza hard disk: ndifufute kapena ndisunge?

Wa shopu ya ku Ndirande:
Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Hard disk yanga ya 1TB yadzaza, ndipo makasitomala akufuna ma series atsopano a ku Korea ndi ku Philippines koma ndilibe poika. Nditafufuza ndapeza kuti malo ambiri yadya ndi foda ya mafilimu akale a karate ndi ankhondo, amene ndinakopera pa ma DVD momwe analili, imodzi pafupifupi 4GB. Mtima wina ukuti ndifufute. Koma pali abambo ena, sakwana ndi khumi omwe, amene amabwera mwezi ndi mwezi kudzafuna omwewo. Mmodzi watenga Drunken Master kanayi chaka chino chifukwa ana amawafufutira mu memory. Ndalama yogulira disk ina pakadali pano palibe. Nditani?

Mnyamata wa ku Kawale:
Fufutani biggie. Anthu khumi angakulepheretseni kugulitsa zimene tauni yonse ikufuna? Chithunzi chakenso n'chosaoneka bwino.

Mkulu wa vidiyo sho ku Mchesi:
Musayerekeze, achimwene. Mwana wanga wa ku Kawale, iwe wabadwa TV ili kale m'nyumba, n'chifukwa chake ukuyankhula choncho. Dziko lino linalibe wailesi ya kanema yakeyake mpaka TVM itatsegulidwa mu 1999. Ife kanema tinamudziwira mu vidiyo sho, pa benchi, deki ya VHS ikulira, chitseko chotchinga ndi chiguduli. Matepi anali ochepa, ndiye filimu imodzi munthu umaionera kakhumi mpaka kuiloweza. Abambo amene akubwera kwanuwo ndi ana aja anali pa benchi aja. Sakufuna kudziwa kuti filimu ithera pati, amadziwa kale. Akufuna afike pamene mdala woledzera uja akuphunzitsa Jackie Chan, aimike, abweze, aitane mwana wawo kuti taona apa. Pa benchi paja sukanauza mwini sho kuti abweze tepi. Kunyumba remote ili m'manja mwako, ndipo n'chimene akulipirira.

Series yatsopano imatentha milungu itatu, kenako aliyense ali nayo mu foni, akugawana okha pa Bluetooth. Koma Drunken Master ndi ya 1978 ndipo mwanena nokha kuti yagulidwa kanayi chaka chino. Ndi katundu uti wina m'shopu mwanu amene wakhala zaka zonsezo osasasa?

Mayi wa shopu ya ku Zomba:
Madala anena zoona. Kwanga kuno Bloodsport ya Van Damme ndi Enter the Dragon sizigona. Ya Bruce Lee ija anthu amaitenga ngati ya maliro, poti mwini wake anamwalira mu July 1973 ali ndi zaka 32, filimuyo isanatuluke. Ndipo munthu wofuna zimenezi sabwera yekha, amakoka mnzake, n'kutenganso nyimbo ndi makatuni a ana. Koma vuto lanu achimwene si mafilimuwo ayi, ndi kasungidwe. Mafayilo a VOB a pa DVD amangodya malo. Ikani pulogalamu yosandutsira mafilimu ya HandBrake pa kompyuta, ndi yaulere, musandutse onse akhale MP4 ya H.264, imene ndi njira yopanikizira kanema kuti fayilo ichepe. Filimu ya ola ndi theka imatsika kufika cha m'ma 700MB koma pa TV ya kunyumba simungaone kusiyana.

Wa shopu ya ku Ndirande:
Zikomo mayi. Nanga ndikasankha njira ina ija ya H.265? Ndamva kuti imachepetsa kuposa pamenepo.

Mayi wa shopu ya ku Zomba:
Imachepetsadi, koma ganizirani amene akukaonera. Makasitomala a mafilimu amenewa ambiri ali ndi TV zakale kapena DVD player ya USB, ndipo zimenezo H.265 siziwerenga. Adzabwerera ndi flash m'manja nkhope itagwa. Ma player ena akale ngakhale MP4 amaikana, amafuna AVI, ndiye wa zoterozo mumupangire ndi pulogalamu ina ya Format Factory poti HandBrake situlutsa AVI. Mawu muziika AAC, chifukwa TV zina zotchipa zikakumana ndi AC3 zimaonetsa chithunzi chokha, zii. Musakwezenso kukula kwa chithunzi. DVD ya PAL ndi 720 kwa 576, VCD ndi 352 kwa 288, kuikoka kuti ifike 1080 n'kungotaya malo. Ya 4:3, ya chithunzi cha TV zakale zija, isiyeni 4:3, anthu asaoneke onenepa.

DJ womasulira mafilimu ku Bangwe:
Ndionjezepo chimodzi chimene chinandipweteka. Chaka chatha ndinafufuta kope yanga yakale ya Commando, ija ya 1985, nditapeza ina yoyera bwino ya HD. Kasitomala anaibweza tsiku lomwelo, akuti si imeneyi. Filimu yomweyo, Schwarzenegger yemweyo, koma munalibe mawu a DJ a Chichewa amene iye anazolowera, ndi maina onse amene tinawapatsa anthu a m'filimumo. Kwa iye filimu ndi imene ija, yokhala ndi mizere yake pa chithunzi. Ya HD mungaipezenso mawa, koma yomasuliridwa kale ikafufutika yapita, poti ambiri amene ankajambula mawuwo sanasunge. Ine yanga sindinaipezenso mpaka lero, ndipo ndikaikumbuka mtima umandiwawa. Ndiye posandutsa muyambe mwamvetsera track ya mawu imene mwasankha.

Wa shopu ya ku Ndirande:
Ndayesa zitatu usiku wathawu magetsi atabwera. Ziwiri zatuluka bwino, ina 640MB ina 710MB. Koma yachitatu mawu akutsalira, chibakera chikufika kaye phokoso n'kumabwera pambuyo.

Mayi wa shopu ya ku Zomba:
Mu HandBrake pitani pa Video, pa framerate (liwiro la zithunzi) muike Same as source, musankhe Constant m'malo mwa Variable, mubwerezenso. Zikapitirira, seweretsani fayilo yakaleyo pa pulogalamu yoonerera mafilimu ya VLC, mwina inabwera ili choncho. Ndipo yakaleyo musaifufute musanaone yatsopanoyo poyamba, pakati ndi kumapeto.

Mnyamata wa ku Kawale:
Ndamva madala, ndinayankhula mothamanga. Bambo anga omwe akhala akundifunsa American Ninja, ine ndimangoti kulibe. Alipo ali nayo ya Chichewa?

Mkulu wa vidiyo sho ku Mchesi:
Ndili nayo, yoyamba ndi yachiwiri yomwe. Ubwere Loweruka m'mawa sho isanayambe, utenge flash yako.

Wa shopu ya ku Ndirande:
Constant yathandiza mayi, mawu alondola. Ndaika makumi awiri pa mzere kuti kompyuta igwire usiku wonse. A DJ a ku Bangwe, m'foda mwangamu muli Commando ya Chichewa yochokera pa VCD. Ndikutumizirani mphindi ziwiri zoyambirira pa WhatsApp mumve ngati ndi mawu anu.