Ma string obwerezedwa m'makalasi osagwirizana: tiwasunge pati?

wofunsa: Akuluakulu, nkhaniyi yanditopetsa. Mu pulojekiti yathu ya Java, mawu monga "PENDING" ndi "user_id" analembedwa pamanja m'makalasi ambiri opanda ubale uliwonse, ndipo wina akaphonya chilembo chimodzi compiler (pulogalamu yomasulira khodi) imangokhala duu mpaka vuto likatulukire pa production, pomwe anthu akugwiritsa kale ntchito pulogalamuyo. Mnzanga akufuna interface imodzi ya ma constant (mawu osasintha opatsidwa dzina) onse kuti kalasi iliyonse iziichita implement. Mtima wanga ukukana, koma ndikusowa chifukwa chogwirika chomuuza.

javaWakale: Interface imeneyo musaiyambe n'komwe, achimwene. Kalasi ikaichita implement, ma constant aja amalowa mu API yake, ma subclass onse amawatengera, ndipo tsiku lomwe mudzafune kuwachotsa mudzaphwanya khodi ya anzanu. Amene ankachita zimenezi ankathawa kulemba dzina la kalasi, koma vutolo linatha mu 2004 pamene Java 5 inabweretsa static import, yomwe imalola kutchula constant popanda dzina la kalasi yake. Ikani ma constant mu final class yokhala ndi private constructor.

enumBasi: "PENDING" si mawu wamba, ndi status, ndipo status malo ake ndi mu enum, mndandanda wokhazikika wa zosankha zololedwa. Mukatero compiler yomweyo ndi imene izikugwirani dzanja.

mlondaWaSeva: Final class ndi yabwino, koma chenjerani. Mawu a mu public static final String amakoperedwa m'kalasi iliyonse yowagwiritsa ntchito pa nthawi ya compile. Komwe ndinkagwira ntchito kale, wina anasintha constant mu jar (fayilo ya khodi ya Java) yogawana, natumiza jar yokhayo osachita build ma service ena, ndipo iwo anapitiriza kutumiza mawu akale. Tinagona pa ofesi tikufufuza mu database chinthu chomwe sichinali kumeneko.

enumBasi: Ikanakhala enum, bwenzi mutagona kunyumba.

javaWakale: A enumBasi, nanga "user_id", lomwe ndi dzina la column, mulipanga bwanji enum? Komanso enum ili ndi misampha yake. Mu JPA, njira ya Java yosungira zinthu mu database, mukapanda kunena kanthu imasungidwa ngati ordinal, nambala ya malo ake pa mndandanda, moti munthu akangolowetsa status yatsopano pakati, marekodi akale a ma status obwera pambuyo pake amasintha tanthauzo popanda error iliyonse. Ndinaonapo maoda olipiridwa kale akuoneka ngati okanidwa.

enumBasi: Limenelo ndi vuto la wolemba. Ikani EnumType.STRING kuti isungidwe ndi dzina lake, nkhani yatha. Ine ndikadali pa enum.

mlondaWaSeva: Chomwe ndikuopa kwambiri ndi Constants.java imodzi ya pulojekiti yonse, chifukwa imasanduka dzala lotayamo chilichonse, ndipo makalasi omwe analibe ubale amayamba kudalirana kudzera m'menemo. Dzina la column likhale pafupi ndi khodi ya database, ndipo mawu oonekera kwa ogwiritsa ntchito apite mu fayilo ya properties. Ma string awiri kufanana kalembedwe sikutanthauza kuti ndi chinthu chimodzi.

javaWakale: Onaninso ngati palibe amene akuwayerekeza ndi ==, chifukwa pa ma literal, mawu olembedwa mu khodi momwemo, zimaoneka ngati zikuyenda, koma mawu akachokera mu request zimakanika. Kodi inu wofunsa, zonsezi zili mu module imodzi kapena m'ma jar osiyana?