Hepatitis B ikunditopetsa: kodi ndiyambirenso mafizo?

Moni abale. Amene mumadziwa za matenda a chiwindi chonde ndithandizeni. Anandipeza ndi hepatitis B nditapita kukapereka magazi, ndipo pano ndimamwa tenofovir tsiku lililonse. Chimene chandisautsa ndi kutopa. Usiku ndimagona bwinobwino, koma ndimadzuka thupi lili lefu ngati ndachokera kolima. Kale ndinkamenya mpira Lamlungu lililonse, pano ndinasiya. Akazi anga akuti ndizingopuma, anzanga akuti kukhala pansiko ndi kumene kukundifooketsa. Ndimvere ziti? Nanga thukuta langa lingawapatsire matendawa anzanga pabwalo?

Yankho: Pepani achimwene. Thukuta silipatsira, ngakhale kudyera mbale imodzi. Kachilomboka kamadutsa m'magazi, pogonana, komanso kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana pobereka. Mukavulala pa mpira, tsukani bala n'kulimanga musanapitirize. Koma akazi anu ndi ana akayezetse, amene alibe alandire katemera.

Yankho: Inenso ndili nayo bambo. Chimene chinandithandiza ndi kuyenda ndawala m'mawa dzuwa lisanatenthe. Yambani ndi mphindi 10 kapena 15, muziwonjezera pang'onopang'ono. A WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, amalimbikitsa akuluakulu kuchita mafizo mphindi zosachepera 150 pa sabata, koma musathamangire kuzikwanitsa sabata yoyamba. Muziyenda moti mukhoza kucheza ndi munthu osabanika. Mukaona kuti mawa lake mukulephera kudzuka, dziwani kuti munapyola muyezo, chepetsani. Tsiku loti thupi lakaniratu, lipumitseni.

Yankho: Musanabwerere ku mpira mufunse adokotala kuti chiwindi chili pati. Ngati chinayamba kuuma, chija amati cirrhosis, kapamba amatha kutupa, ndiye kugundana pa mpira kapena kunyamula zitsulo zolemera n'koopsa. Akuyezeninso kuchuluka kwa magazi m'thupi, chifukwa kutopa kwina kumabwera magazi akachepa kapena ndi shuga. Ndipo masiku oti mukayezetse ALT ndi AST (manambala a m'magazi oonetsa mmene chiwindi chilili) akayandikira, musachite mafizo amphamvu, amatha kukweza manambalawo.

Mwini funso: Zikomo kwambiri abale. Za kapamba ndikafunsa ndikapita kokatenga mankhwala. Pali wina akundiuza za mankhwala azitsamba otsuka chiwindi, akuti amabwezeretsa mphamvu. Ndiyesere?

Yankho: Ayi achimwene, chonde musayerekeze. Chilichonse chimene mwamwa chimakadutsa m'chiwindi momwemo, ndipo zitsamba zina zimachiwononga. Chimodzimodzi mapiritsi ndi jakisoni zokulitsa minofu zimene ena amagulitsa ku jimu. Mowa usiyeni kotheratu, mtedza ndi chimanga zachuku muzitaya chifukwa poizoni wake amawonjezera chiopsezo cha khansa ya chiwindi. Tenofovir musamusiye panokha ngakhale mphamvu zitabwerera, matenda amatha kubuka mwamphamvu. Maso akasanduka achikasu, mimba ikatupa kapena mukasanza magazi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.