Mwana wathu wayamba ndewu ndi bodza, kodi vuto ndi ife makolo?

Amayi ndi abambo a m'gulu muno, ndithandizeni maganizo. Mwana wathu wamwamuna wa zaka 6 wayamba kumenya anzake kusukulu, moti aphunzitsi atiitanitsa kale. Kunyumba akalakwa amakana m'maso muli gwa, olo mumupeze chinthucho chili m'manja.

Bambo ake ndi a mtima wapachala. Mwana akangotaya madzi pansi, mawu akwera kale, pena mpaka lamba. Ine ndine wofatsa, akalira mtima umandiwawa ndipo ndimamulola zimene iwo amuletsa. Chimene chikundisowetsa tulo n'chakuti akamva mapazi a bambo ake pakhomo amabisa manja kumbuyo, ngakhale sanalakwe kanthu.

Ndinawerengapo za Diana Baumrind, katswiri wa ku America amene m'zaka za m'ma 1960 anagawa makolo m'magulu atatu: olamula mwaukali, olekerera, ndi oika malamulo mwachikondi n'kumafotokoza zifukwa. Ana a gulu lachitatuli ndi amene ankakula bwino. Ife magulu awiri oyambawo tili nawo m'nyumba imodzi. Komatu mlongo wake tamulera ife tomwe ndipo alibe vuto lililonse. Ndiye ndi chibadwa kapena kaleredwe? Nanga bambo akewo ndiwalankhule bwanji kuti asaone ngati ndikuwanyoza?

Yankho loyamba: Amayi, ndi zonse ziwiri. Ana amabadwa osiyana mtima, ndipo wovuta ndi amene kusagwirizana kwa makolo kumamupweteka kwambiri. Gerald Patterson, katswiri wa za makhalidwe a ana, anafotokoza mmene zimakhalira: kholo likalipa, mwana akuwa koposa, kholo ligonja, basi mwana waphunzira kuti phokoso limamupulumutsa. Mawa adzakuwa kuposa lero.

Yankho lachiwiri: Ndine bambo, ndipo ndikuti lamba achoke kaye. Mu 2016 akatswiri Elizabeth Gershoff ndi Andrew Grogan-Kaylor anaunika kafukufuku wokhudza ana oposa 160,000, ndipo anapeza kuti ana omenyedwa amakonda kukhala aukali komanso osamvera. Bodzalo ndi mantha amenewo. Amuna anu musawadzudzule mwana ali pompo, sangakumvereni. Dikirani mwana agone, muwauze za manja obisa kumbuyo aja, kenako mugwirizane malamulo awiri kapena atatu okha ndi chilango chopanda kumenya. Inunso amayi, iwo akachoka musamasinthe zimene mwagwirizanazo.