Phala la mwana likumasasa ndisanaweruke, anzanga mumatani?

Mayi wa ku Nchalo

Anzanga, ndithandizeni nzeru. Mwana wanga wamkazi wangokwanitsa miyezi 7. Ndimagwira ntchito m'shopu ina yogulitsa zipangizo zomangira pa Nchalo pompano, kulowa 7 koloko m'mawa, kuweruka 5 koloko madzulo. Tchuthi cha uchembere chinali masabata 8 basi. Komabe miyezi 6 yoyamba ndinalimbikira kuyamwitsa mwakathithi: kufinya mkaka m'kapu m'mawa, masana kukwera kabaza kukamuyamwitsa, n'kubwerera thukuta lili kamukamu.

Vuto layamba atayamba phala. Ndimadzuka 4 koloko, kuphika phala la mgaiwa lothira nsinjiro, kumudyetsa pang'ono, lotsalalo n'kuika m'kontena ya pulasitiki kuti mwana wa achemwali anga, amene amandilerera, amupatse 10 koloko ndi 1 koloko. Kutentha kwa kuno mu Okutobala mukukudziwa. Nyumba yathu ndi yamalata, yopanda siling'i, ngakhale madzi a mumtsuko amafunda. Lachiwiri lapitali ndinafika masana n'kutsegula kontena ija. Phala linali litalekana, madzi pamwamba, tithovu m'mbali, fungo ngati thobwa logona. Mwana anali atadya kale masipuni angapo. Usiku womwewo anatsegula m'mimba, matewera 6 kufika m'mawa, liwombo kulowa. Kuchipatala anatipatsa Thanzi ndi zinki. Pano akusewera, koma sikelo yatsika, ndipo ine ndinajomba masiku 2, abwana nkhope sinali bwino.

Apongozi akuti ndisiye ntchito. Koma bambo ake amadula nzimbe, nyengo yodula ikatha pakhomo pamadalira malipiro anga. Furiji tilibe. Phala logula la m'mapaketi sindingakwanitse mwezi wonse. Inu amene mumagwira ntchito kuno kuchigwa, mumatani?

Mphunzitsi, Bangula

Pepani kwambiri achemwali, usiku ngati umenewo ndinauonapo ndi mwana wanga wachiwiri. Ntchito musasiye. Chimene musiye ndi kuphika phala la tsiku lonse m'mawa. Kuno phala siligonera ngakhale theka la tsiku, makamaka lothira nsinjiro kapena mkaka.

Ine ndinkatere. Loweruka ndinkakazinga soya, kusakaniza ndi chimanga, makapu 4 a chimanga pa kapu imodzi ya soya, n'kukagayitsa. Ndiye Likuni Phala wapakhomo ameneyo. Madzulo alionse ndinkayeza ufa wa phala limodzi limodzi m'timabotolo 3 touma bwino, totsekera. Wolera ntchito yake inali kungowiritsa madzi, kuthira ufa wa m'kabotolo kamodzi, kutakasa mpaka lipse, kuthira kasipuni ka mafuta ophikira. Mwana akakhuta, lotsala adye wolerayo pompo, osasunga.

Koma mumufunse bwino mtsikanayo, mofatsa. Wanga ndinadzazindikira mochedwa kuti ankaopa kuyatsa mbaula masana chifukwa ndinamukalipirapo kuti makala akutha msanga. Mawu anga omwe ndi amene ankadyetsa mwana phala lozizira. Kuyambira pamenepo ndinkapatula makala a mwana m'kathumba kawokawo. Ndipo Lamlungu mukhale pansi, aphike iye inu mukuona, kuyambira posamba m'manja.

Mlangizi wa zaumoyo, Ngabu

Mayi, munachita bwino kuthamangira kuchipatala liwombo litalowa. Aphunzitsiwa anena zoona. Chakudya chophika chisakhale maola oposa 2 chisanadyedwe ngati mulibe furiji, ndipo kuno kumene kutentha kumapitirira madigiri 40 ndimauza amayi kuti asadikire n'komwe maola 2 amenewo. Musadalire mphuno. Tizilombo totsegula m'mimba timachulukana phala lisanayambe kununkha. Kungolifunditsa sikupha kanthu, ndipo likasasa ngakhale mutaliwiritsanso si la mwana ayi.

Madzi mukutunga kuti? Ndikufunsa chifukwa mijigo yambiri kuno ndi ya madzi amchere, ndiye anthu amathawira ku ngalande za mthirira kapena ku Shire. Kolera wa 2022 ndi 2023 tisamuiwale. Madzi akumwa a mwana, ngakhale otsukira kapu ndi sipuni yake, akhale owiritsa kapena othira WaterGuard, ndipo mukathira mudikire mphindi 30. Botolo loyamwitsira mwana lisiyeni, limavuta kutsuka. Kapu ndi sipuni zikwanira.

China chimene ambiri sachiganizira ndi nsinjiro. Mtedza wonyala, wakuda m'kati, wowawa kapena wa chuku umakhala ndi poizoni amene saphedwa ndi moto. Sutsegula m'mimba lero, koma umawononga chiwindi pang'onopang'ono ndipo umasokoneza kakulidwe ka mwana. Nsinjiro zosinjasinja za pamsika simudziwa mtedza umene unalowamo. Gulani mtedza wathunthu, muusankhe pa lichero nokha, musinje wa masiku ochepa. Chimanga chopita kuchigayo chimodzimodzi.

Zinki amalize masiku onse amene anakuuzani ngakhale wachira. Kwa masabata 2 akubwerawa muonjezere chakudya kamodzi pa tsiku kuti sikelo ibwerere, phala likhale lolimbirapo, losayenderera pa sipuni. Bere musachepetse, usiku ayamwe mmene akufunira. Uchi ayi kufikira atakwana chaka. Mukaona magazi m'chimbudzi, kusanza chilichonse, kukana bere kapena kulefuka, musadikire kuti kuche.

Mayi wa geni ya nsomba, Nsanje

Mwana wanga, ine ndalera 5, onse ndili pa geni, kukapikula mlamba m'bandakucha mwana ali kumsana. Za shopu sindizidziwa, koma za apongozi ndikuuzeni. Akamati siyani ntchito, si nkhanza, aopa. Anaona mdzukulu maso atalowa. M'malo mokangana nawo, apatseni udindo. Ngati amakhala pafupi, azibwera 10 koloko kudzaona phala likuphikidwa. Munthu wamkulu ukamupatsa mpando sakutsutsanso.

Komanso bwanji mgaiwa tsiku ndi tsiku ngati kuno kulibe china? Mapira alipo, mchewere ulipo. Matemba muwakazinge pang'ono, musinje, musefe bwinobwino minga isatsale, ufa wake kasipuni kamodzi m'phala. Masamba a cham'mwamba muumitse pamthunzi, osati padzuwa. Mbatata yofiira m'kati yophika n'kupota, dzira lopsa bwino, nthochi yosenda pomwepo mwana akudya. Nthochi imeneyo ndiye chakudya cha mayi wotanganidwa, sifuna moto. Za fulasiki zimene ena amakonda ine ndinazikana, phala limakakamira m'kamwa mwa fulasikimo, kutsuka kwake n'kovuta, mawa muthiramo labwino pamwamba pa zonyansa.

Mphunzitsi, Bangula

Ndinaiwala za abwana anuwo. Lamulo la ntchito linakonzedwanso mu 2021: mayi woyamwitsa ayenera kupatsidwa theka la ola kawiri pa tsiku kuti ayamwitse, kwa miyezi yosachepera 6 mwana atabadwa, ndipo bambo ali ndi tchuthi cha masabata 2. Wanu wadutsa miyezi 6, ndiye pamenepa n'kupempha, osati kulamula. Apempheni kuti nthawi ya nkhomaliro ikhale ola lathunthu lokhazikika, ndipo muwaonetse buku la kuchipatala la masiku munajombawo.

Mayi wa ku Nchalo

Zikomo nonse, takhuta. Dzulo ndinakhala naye pansi mtsikana uja. Za makala zija zinali zoona, aphunzitsi, anachita kugwetsa misozi pondiuza. Ndinapezanso kuti madzi otsukira ziwiya za mwana amatunga ku ngalande chifukwa pa mjigo pamakhala mzere wautali. Ndagula kapoto kakang'ono ka mwana yekha ndi WaterGuard, timabotolo 3 ndayezamo kale ufa. Nsinjiro za pamsika zija ndataya. Apongozi avomera kubwera Lolemba ndi Lachinayi, ati abweretsa mapira awo. Kwa abwana sindinapitebe, ndikudikira tsiku limene malonda ayenda bwino. Alangizi, funso limodzi: ufa wa matembawo ndiyambe pano, kapena ndidikire kaye akayezedwenso kusikelo sabata yamawa?