Ndani ali ndi Shaka Zulu wakale uja, magawo onse?

Muli bwanji nonse pagulu pano? Ndithandizeniko, ndasowa kolowera.

Ndikusakasaka sewero la pa TV la Shaka Zulu, lija wailesi ya kanema ya SABC ya ku South Africa inaonetsa mu 1986, Henry Cele akusewera ngati Shaka. Lili ndi magawo 10. Bambo anga analionera kalekale pa kaseti ya vidiyo, ndiye pano anapuma pantchito, tsiku lililonse akungondifunsa za lomweli.

Ndazungulira kwa anyamata oika mafilimu pa fulashi mumsika wa Limbe ndi wa Ndirande. Wina anandiikira Shaka iLembe ya 2023, akulumbira kuti ndi yomweyo. Zithunzi zake n'zowala bwino, sindikutsutsa, koma bambo atangoona nkhope ya Shakayo anati, "Ameneyu si iyeyo ayi," n'kutuluka panja. Inenso ndili mbali yawo. Cele uja ankangoti akakuyang'ana osalankhula, mantha n'kukugwira uli pampando. Komanso nyimbo ya m'seweroli ya Margaret Singana ija ikangoyamba, thupi lonse limachita tsemwe.

Wina anandipatsa yodulidwa, ya maola ochepa chabe, nkhani yake yongodumphadumpha. Pa YouTube ndangopezapo tizidutswa, bandulo n'kutheratu.

Ndikufuna yathunthu, mawu ake eniake, osati yomasulira m'Chichewa imene womasulirayo amangoponyamo nthabwala zake mpaka osamva zokamba za anthuwo. TV yathu imawerenga fulashi, makamaka mp4, koma DVD nayonso ndilandira.

Alipo amene ali nayo, kapena akudziwa shopu imene ndingaipeze muno mu Blantyre? Ndimakhala ku Chilomoni, titha kukumana m'tauni, fulashi ndibweretsa ndekha. Tiuzane mtengo wake.